Nkhuku Yopepesera Tende

Ndinafika ku Leicester ndili ndi mano ochepa koma mawu ambiri. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino pachipatala, anandiitanitsa kuti ndidzamuthandize kulera ana, pakuti iye ndi mwamuna wake ankangophonyana pakhomo, uyu akulowa uyo akutuluka. Mkamwini wangayo amagwira mashifiti m'nyumba zosungira katundu ku Corby. Ine pensulo sindinaigwirepo chibadwire. Akunena izi ndine, akulemba ndi mwana wangayo masiku ake opuma, ndipo ndamuuza kuti akasintha liwu ndidzamugwira akamandiwerengera, chifukwa kwa ine amene anapita kusukulu ndi makutu.

Nyumba za ku Highfields, dera limene timakhala, ndi zogundana nthiti, mzere wonse ngati nyumba imodzi, koma anthu ake sadziwana. Adzukulu anga Chichewa amamva, koma ukawafunsa zomwe adya kusukulu amayankha m'Chingerezi, uku akuthamanga. Onse akachoka m'mawa ndinkatsala ndi fuliji, yomwe imang'ung'udza koma siyankha. Kwathu ku Thyolo ndinali munthu woti ndikapita kukapempha mchere ndimabwerako dzuwa litapendeka. Kuno lilime linayamba kundilemera m'kamwa.

Tsiku lina ndikuyanika zovala kuseri, m'kabwalo kathu kongokwana mphasa ziwiri, mvula inayamba kuwaza. Ndinaiyang'ana n'kuyamba kuikalipira kuti ilibe nyengo, ilibe mwambo, imangofika ngati mlendo wa njala. Kenaka kuseri kwa mpanda wa njerwa kunamveka mawu a mayi wachikulire.

"Isiyeni, mayi. Siimva Chichewa imeneyo. Ine ndinayamba kuitukwana tsitsi lidakali lakuda."

Ndinakoka kreti ya mabotolo n'kukwerapo. Ndinaona agogo achimwenye, aafupi, atafunda mpango woyera, akuseka ndi maso. Anandiuza kuti anabadwira ku Luchenza, kumene bambo awo anali ndi sitolo, ndipo anachokako zaka zija boma linauza amwenye kuti achoke m'masitolo a kumidzi. Chichewa chawo chinali chakale, cha nthawi ya makobiri oboola pakati. Mawu ena ndinali nditawamva komaliza kwa malemu mayi anga. Poyamba ndinawaitana kuti adona, monga tinkachitira m'sitolo kale, koma anakana. Anati udona anausiya ku Luchenza pamodzi ndi sikelo, kuno tonse timanjenjemera ndi chisanu chimodzi. Tinagwirizana kuti tiziitanana achemwali.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse iwo ankaika mpando wawo wautali pafupi ndi mpanda, ine n'kukwera pakreti. Pamwamba pa mpandapo pankadutsa masamusa, mandasi, nkhwani zomwe ndinkalima m'ndowa, ndi nkhani za anthu amene anamwalira kalekale. Tinkatsutsana za mtsinje umene unkadzadza msanga, za mtengo wa mango umene unali pafupi ndi sitesheni ya sitima. Mwana wawo wamwamuna, bambo wa ndevu za imvi pang'ono, ali ndi sitolo pakona ya msewu wathu, mmene timagula ufa, nyemba ndi matemba akapezeka. Iyenso Chichewa amachithyola bwino, ngakhale amachithira Chingerezi ngati mchere wa wophika wosalawa.

Lamulungu timapemphera ndi Amalawi anzathu muholo yobwereka. Mtsogoleri wa amayi kumeneko amakhala ku Normanton, ku Derby, ndipo amasamalira nkhalamba za azungu m'nyumba ya okalamba. Ndi mayi wamtima wabwino, wa mawu oti akapemphera mawindo amamva. Chaka china anapita ndi gulu la Akhristu ku Isiraeli. Ndinene zoona, ine ndinkadziwa kuti ndege zimapitako, koma m'mutu mwanga Isiraeli anali m'Baibulo, chakufupi ndi kumwamba. Sindinkaganiza kuti kumeneko anthu amadikira basi kapena kudwala dzino. Kutchalitchi tinkapempherera mtendere wa Yerusalemu, ndipo pankayenda kadengu kothandizira Isiraeli. Ndinkaponyamo. Kusitolo kuja pakauntala panali kachitini ka chithunzi cha mwana ndi mtengo wa azitona. Namonso ndinkaponya, pakuti zolembazo sindinkaziwerenga, ndipo mwana ndi mwana.

Mayi wa ku Normanton anabwerako ndi madzi a mu Yorodano m'botolo ndi mabokosi a tende, zipatso za kanjedza zotsekemera zija. Ine monga wamkulu anandipatsa bokosi lathunthu. Unali mwezi wa Ramadani, ndipo ndinkadziwa kuti achemwali, pokhala Asilamu, dzuwa likalowa amayamba ndi tende asanadye china. Mtima unandiuza kuti mphatso yoposa iyi palibe. Ndinakwera pakreti ndi bokosi m'manja, nkhope ili ngwee.

"Achemwali, izi si tende wamba ayi. Zachokera ku Isiraeli kwenikweniko, dziko la Abrahamu, kholo lathu tonse."

Anazilandira. Anatembenuza bokosi, nayang'ana zolemba kwa kanthawi. Kenaka ananena zikomo, koma zikomo wake anali uja timapatsa kondakitala. Anatsika pampando n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinapeza bokosi lija pamwamba pa mpanda, losatsegula, atalikulunga bwinobwino m'pulasitiki kuti mvula isalilowe. Mpando wawo panalibe. Ndinaitana, ndinatsokomola, ndinakalipira mvula mokweza ngakhale kunali kadzuwa. Kunali zii. Mawa lake chimodzimodzi. Sabata inatha ndikuyankhulanso ndi fuliji.

Mwana wanga atamva zomwe ndinanena popereka tendezo anagwira mutu. Anandikhazika pansi pa wailesi ya kanema n'kumandimasulira. Chinali chaka chomwe Amereka anasamutsira ofesi ya kazembe wake ku Yerusalemu, ndipo kumpanda wa ku Gaza anthu ankawomberedwa, kwinaku mabomba ouluka akugwera m'midzi ya Ayuda. Anandiuza kuti dziko lija anthu a mitundu iwiri amalitcha kwawo, Aisiraeli ndi Apalestina, ndipo aliyense ali ndi manda a makolo ake ndi maliro ake. Ndiponso anali atamva kusitolo kuti mwana wamkazi wotsiriza wa achemwali anakwatiwa ndi Mpalestina, amene mayi ake akadali kufupi ndi Yeriko. Munda wa banja lawo ndi chitsime chake zinatchingidwa ndi waya, ndipo amene amalimamo tende tsopano ndi ena. Ndiye chifukwa chake pakhomo la achemwali amayang'ana kaye zolemba pabokosi asanagule.

Mwana wanga anati tigule khadi ya pepani, iye alembe, tiponye pachitseko monga amachitira kuno. Ndinakana. Pepani wa papepala alibe maso. Kwathu ukalakwira munthu amene ukufuna kuti akhalebe wako, supita wekha ndiponso supita chimanjamanja. Umapita ndi nkhoswe, munthu wokuimira, ndi nkhuku yamoyo.

Nkhani ya nkhuku ndinaiuza mwana wanga kuti auze mwamuna wake, ngakhale mkamwiniyo anali pomwepo akumwa tiyi, pakuti ine sindinaleredwe zomayankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Iye anayankha, kudzeranso mwa mkazi wake, kuti mufuliji muli nkhuku ziwiri zabwinobwino. Ndinati amuuze kuti nkhuku yopanda mutu singapepese. Anaseka mpaka tiyi kumutsamwa, koma ndi mwana wabwino. Anafunsa anzake kuntchito, ndipo Loweruka lina anatitengera kufamu ina kupitirira Corby, ine nditakhala mpando wa kumbuyo kwake kuti tisaonane. Mzungu wa pafamupo, mayi wovala majombo, anafunsa ngati nkhukuyo tikufuna ya mazira kapena yosewera nayo ana, ndiponso dzina lomwe tidzaipatse. Mkamwini anamuuza kuti ndi ya zokambirana za mtendere. Mayiyo anagwedeza mutu ngati zimenezo amagulitsa tsiku lililonse. Yoyera, imene mwambo umafuna, panalibe. Tinatenga thadzi lofiirira, lonenepa, m'katoni yoboola.

Pa unkhoswe ndinasankha mayi wa ku Normanton, poti ndi wamkulu mumpingo ndiponso tendezo zinadzera m'manja mwake. Anavomera msanga, mwina msanga kwambiri. Uthenga unapita kusitolo, ndipo yankho linabwera loti tifike Loweruka lotsatira masana, ndipo kumbali ya achemwali kudzaima mwana wawo wa sitoloyo.

Tinavula nsapato pakhomo. Anatilozera masofa, koma ine ndinakhala pansi pakapeti, miyendo nditatambasula, nkhuku ili pamiyendo, pakuti wopepesa sakhala pamwamba. Achemwali anakhala pakona, maso ali pa mikanda yawo yopempherera. Moni anayenda bwino. Nkhoswe wanga anafunsa za ana, za sitolo, za miyendo ya agogo. Ndinati m'mtima zayamba bwino. Kenaka anakonza kukhosi nati tabwera ndithu, koma kunena zoona agogo awa sanalakwe kanthu, pakuti dziko lija Mulungu analipereka kalekale ndipo zinalembedwa.

Bambo wa sitolo anatulutsa foni m'thumba.

Zomwe zinatsatira sindingazibwereze zonse, chifukwa theka linali m'Chingerezi. Iye anaonetsa zithunzi za nyumba zogumulidwa, nati Amereka ndiye amapereka zida, ndipo azungu a kuno ndiwo anayamba kugawa dziko la eni ngati nsalu. Mayi anati nanga mabomba ouluka aja amagula ndani, si mayiko enanso amene amaombera m'manja ali kutali? Iye anati pakhale mayiko awiri, aliyense ndi mbendera yake. Mayi anafunsa kuti malire adzalonda ndani, nanga Yerusalemu adzamudula ndi mpeni wanji. Iye anati ndiye likhale dziko limodzi, aliyense avote. Mayi anati ochepa adzamezedwa. Uyu akati ndiloleni ndifinishe, uyo akuti mwafinisha kale katatu. Aliyense anali ndi mayiko ake kumbuyo, ngati anyamata a mpira otchula matimu a kunja. Za ine ndi achemwali panalibe anakumbuka.

Ndinaba diso kuyang'ana pakona. Achemwali nawo anali ataba diso kuyang'ana nkhuku. Nkhukuyo, itatopa ndi zokambirana, inandichitira chimbudzi pachitenje changa cha kutchalitchi. Ndinaona kuti Mulungu wanditsegulira khomo. Ndinapempha madzi, n'kuuza nkhoswe wanga kuti andiperekeze kukhitchini adzandigwirire nkhuku.

Malemu mlongo wanga anali nkhoswe wa maukwati ambiri kwathu, ndipo maukwati ake sankatha wamba. Ndinkamuona mmene ankachitira. Akafika pamlandu sankayamba ndi kuloza chala mbali inayo. Ankayamba ndi mphwake yemwe, kumukalipira pamaso pa onse mpaka mnyamata kuzolika. Akatero, nkhoswe wa kuchikazi ankachita manyazi, nayenso n'kutembenukira mwana wake. Ankati nkhoswe amene amangoikira kumbuyo wake ndi wonyamulira chibonga, osati nkhoswe. Zimenezi ndinamuuza mayi wa ku Normanton uku ndikutsuka chitenje pasinki. Iye anati sanganame pa zimene amakhulupirira. Ndinati sindinamupemphe kunama.

"Mayi, Yerusalemu ali ndi ankhoswe ambiri. Ine ndili ndi inu nokha. Mukapambana mkanganowu mukwera basi kubwerera ku Derby, ine nditsala ndi mpanda wopanda munthu. Ntchito yanu lero ndi kundikalipira ine."

Anayang'ana nkhuku, nkhuku inamuyang'ana. Anapumira m'mwamba, tinabwerera.

Anayamba mozengereza. Anati agogo awa analakwa, anapereka mphatso osafunsa kuti pakhomo pano pali bala lotani. Anati munthu wamkulu amayenera kudziwa kuti chokoma kwa iye chingakhale minga kwa mnzake. Kenaka ntchito inamukomera. Anati ndiponso agogo awa ali ndi chizolowezi choyankhula asanaganize. Anati kutchalitchi amayambitsa nyimbo pamwamba kwambiri moti amayi amafika pakolasi mawu atatha. Anati tsiku lina anauza abusa kuti ulaliki unali wautali ngati msewu wa ku Nsanje. Ine ndinangozolika n'kumavomera kuti eya, ndi zoona, ngakhale za nyimbozo si zoona. Nditadzutsa maso ndinaona milomo ya achemwali ikunjenjemera, akulimbana ndi kuseka.

Achemwaliwo anatembenukira mwana wawo. "Wamva mmene amachitira anthu? Ika foni pansi. Nawenso undikalipire."

Bambo wamkulu wa ndevu uja anasanduka kamwana. Anakanda m'mutu, nayang'ana kudenga. Ananong'ona kuti mwina kubweza mphatso pampanda osanena chifukwa sizinali bwino kwenikweni.

"Kweza mawu. Pa za Amereka paja umakweza."

Anakweza pang'ono. Anati agogo a kuseri sadziwa kuwerenga ndipo amayi ankadziwa zimenezo. Anati masiku onsewa amayi akhala akuvutitsa aliyense m'nyumba, akuti chakudya chilibe mchere, akuti mawindo ndi akuda, chonsecho vuto linali loti alibe woyankhula naye. Achemwali anati pamenepo pakwana, asapitirire.

Ndiye anayankhula okha, motsitsa, akuyang'ana ine. Anati asewere awo a ku Yeriko sanaonanepo nawo maso ndi maso, ndipo chilankhulo sagwirizana. Amangoonana pafoni, uyu kuonetsa mphika wake, uyo kuonetsa maluwa ake. Tsiku lina mayiyo anatembenuza foni kuwaonetsa mitengo ya kanjedza kuseri kwa waya, osanena kanthu, ndipo iwo anamva zonse.

"Achemwali, sitolo ya bambo anga ku Luchenza idakalipo. Anandionetsa chithunzi, muli munthu wina, ndipo mtengo wa mango uja ukubalabe. Sindimuda munthuyo, nayenso ali ndi ana. Koma mango a mtengo umenewo musadzandibweretsere ngati mphatso."

Ndinati ndamva. Ndinati pepani sapoletsa chilonda, koma ndabwera nayebe, pamodzi ndi nkhuku iyi yopanda mwambo. Ndinakwawa n'kuiika m'manja mwawo. Anailandira ndi manja awiri.

Mayi wa ku Normanton anatembenukira bambo wa sitolo. Kenaka ananena, tsopano ndi mawu ake a m'nyumba osati a paguwa, kuti amene ankawatsogolera paulendo uja anali mayi wachiyuda. Tsiku lina anawaonetsa kachipinda ka konkire komwe ana ake amathawira belu lochenjeza za mabomba likalira, muli timabulangete ndi zidole. Makolo a mayiyo anafika kumeneko opanda kanthu, abale awo onse ataphedwa ku Ulaya, ndipo iye ankati alibe kwina kopita. Bambo wa sitolo anamvetsera mpaka kumapeto. Foni sanaigwire.

Tsono mwambo umati mlandu ukatha palibe amachoka musanadyere pamodzi, ndipo nkhuku ija ndiyo ndiwo. Apa panabuka mavuto awiri. Loyamba, eni nyumba anali akusala kudya mpaka dzuwa kulowa, ndipo dzuwa la kuno mwezi wa Juni lili ngati mlendo amene watsanzika koma akadali pakhomo. Lachiwiri, bambo wa sitolo anaulula kuti chibadwire sanaphepo nkhuku, amangogula kubutchala. Achemwali anamuyang'ana ngati amuona koyamba. Kenaka anapapasa nkhuku kumimba monga amachitira amayi a kwathu, nati ili ndi dzira, ndipo yoikira saipha. Anaitulutsa kukabwalo kawo n'kuithirira mpunga.

Tinagwirizana zophika futali. Mbatata ndi nsinjiro zinachokera kusitolo. Mayi wa ku Normanton anafuna kuthawa, ati basi imusiya, koma ndinamukumbutsa kuti nkhoswe sachoka mphika uli pamoto. Ankhoswe awiri aja tinawapatsa mipeni ndi beseni kuti asende mbatata, ife eni mlandu tinakhala pamipando kumawayang'anira. Poti eni nyumba sankamwa ngakhale madzi, nafenso tinachita manyazi kupempha tiyi.

Njala imafewetsa mawu. Anayambiranso nkhani ija, koma tsopano mwaulesi, maso ali pa mbatata. Ndinamva bambo uja akunena kuti wophulitsa basi yodzaza ana asukulu sangamutche ngwazi, ngakhale akhale wa mbali imene iye amaikonda. Patapita nthawi mayi anati kutchinga chitsime cha nkhalamba ndi waya sanakupeze m'Baibulo lake, ndipo akadzapitanso adzapempha kuti awaonetse mbali inayo. Za Yerusalemu sanagwirizane. Za mayiko awiri kapena limodzi sanagwirizanenso, kungoti aliyense anayamba kufunsa mnzake kuti nanga inu mukanatani. Anagwirizana kwathunthu pa chinthu chimodzi, kuti mbatata za kuno ndi zamadzi.

Ine ndi achemwali tinali ndi ngongole ya nkhani za masiku onse aja, ndiye tinazibweza zonse. Ndinawauza za mzungu wa majombo. Anandiuza kuti tsiku lomwe ndinkakalipira mvula kuli dzuwa anali kuseri kwa katani, ndipo anadziluma lilime kuti asandiyankhe.

Dzuwa litalola kulowa, anabweretsa madzi ndi mbale ya tende za m'sitolo mwawo, zolimidwa ndi alimi achipalestina. Mayi wa ku Normanton anafunsa kumene zimachokera, ndipo atamva kuti ndi ku Yeriko anadabwa, nati zakenso anagula m'chigwa chomwecho, basi itaima panjira yochokera ku Yorodano. Anati ndiye kuti ndi dothi limodzi, dzuwa limodzi.

"Ndiye vuto lakelo, mayi," anatero bambo wa sitolo, akumupatsira mbale.

Anatenga imodzi, natafuna, nati ndi zotsekemera. Anatenganso ina. Futali tinadya mpaka kukokota mphika, ndipo bambo uja ndiye anamuperekeza mayiyo pagalimoto mpaka ku Derby. Zomwe anakambirana m'njira sindidziwa, koma onse anafika amoyo.

Potuluka achemwali anandigwira dzanja pakhomo. Anati bokosi lija ndisadzawapatsenso, koma ine ndizibwera. Bokosilo ndinadya ndekha pang'onopang'ono, imodzi ndi tiyi wa m'mawa, chifukwa kutaya chakudya sindinaphunzire. Iwo akudziwa, ndipo sitinakambepo.

Wathu unali mlandu wa bokosi, wa dziko lija ndi wa magazi, ndipo nkhuku singaukwane. Komabe akaonetsa pakanema akuluakulu a mayiko atavala masuti, akuti apita kukayanjanitsa Aisiraeli ndi Apalestina, ndimafunsa mwana wanga funso limodzi, ngati nkhoswe ameneyo wakalipirako wa mbali yake. Nthawi zambiri amati ayi, wakalipira a mbali inayo, ndipo wake wamusiyira mphatso. Ndimati ndiye timudikire wina. Kadengu ka kutchalitchi ndi kachitini ka kusitolo kothandizira Apalestina ndimaponyamobe, koma masiku ano ndimayamba ndafunsa ngati zikukagula mankhwala kapena chibonga. Abusa anazolowera. Bambo wa sitolo amandionetsa chithunzi cha ambulansi.

Nkhuku ija ikadali moyo. Mkamwini anaikhomera kakhola m'kabwalo ka achemwali, koma inaphunzira kuulukira pampanda, ndipo malo amene inasankha kuikira ndi ndowa yanga ya nkhwani. Achemwali amati nkhuku ndi yawo, ndinawapatsa pamaso pa mboni, ndiye dzira ndi lawo. Ine ndimati ndowa ndi yanga, ndipo nkhwani zimene imathyola poikira ndani adzalipira. Nkhani imeneyi sitinaimalize, ndipo tinapangana kuti ankhoswe asaimve. Dzira likakhala limodzi amaphikira keke n'kundidulira, akakhala awiri timagawana.

M'mawa wotsatira tsiku la futali lija ndinadzuka mochedwa, miyendo ikuwawa chifukwa chokhala pansi. Ndili kukhitchini ndinamva mpando ukukokedwa kuseri, kenaka mawu.

"Achemwali, mvula yanu ija yabweranso. Tulukani mudzaitukwane, ine ndekha yandikanika."

Ndinasiya tiyi pamoto n'kukafuna kreti.